Pakamwa pakatseka, adzakukambilaniko ndani?

Amai ndi atate a m'misika, inu a pa Soweto, City Market, Kamwala, Chisokone ndi Kapata ku Chipata, lelo taika pambali nkhani ya unga ndi ya malaiti. Tifuna tikambe nkhani imene ambili tinaionapo ndi maso pamsika, koma timaikamba cabe monong'ona: munthu akadwala mpaka kulephela kukamba zimene afuna, amamukambilako ndani?

Tiyelekeze mai wogulitsa kapenta ndi nyemba. Zaka 20 pa sitandi imodzi. Kukaca 04:00 ali kale pa oda, madzulo ndiye womalizila kulonga. Tsiku lina BP yakwela, wagwa pambali pa meda yake. Anzake amuthamangitsila ku cipatala, adokota akuti ni sitiroko. Dzanja lamanja lafooka, pakamwa papotoka, mau sacoka. Koma maso aona, makutu amva.

Manje onani zimene zimacitika pa masabata awili cabe. Foni yapita kwa mphwake amene adziŵa PIN. Ndalama ya cilimba, imene mwezi uno inali yake, yapatsidwa kwa mlamu wake ati aisunge. Pa sitandi pakhala kale mwana wa m'bale, ati cabe kuti malo asapite. Banja lakhala pansi, lagwilizana kuti amupeleke kumudzi cifukwa kuno ku tauni kulibe womusamala. Kumudziko kulibe physio, ndipo kiliniki ili kutali. Zonsezi zakambidwa pambali pa bedi lake, iye akumva, ndipo palibe olo mmodzi amene waŵelama n'kumufunsa kuti, "Ba mayo, imwe mufuna bwanji?"

Aliyense wa inu akhoza kuikapo dzina pa nkhani iyi. Mwina si sitiroko. Mwina ni agogo amene ayamba kuiŵala, ndipo a m'komboni ayamba kuwaloza zala kuti ni mfiti. Mwina ni mnyamata wokankha wilibala amene anagundidwa ndi minibasi n'kuvulala m'mutu. Mwina ni mwana wanu amene anabadwa ndi cilema ca ubongo, ali ndi zaka 25 koma sakamba, ndipo usiku simugona poganiza kuti mukadzafa adzatsala m'manja mwa ndani. Mwina ni mlongo wanu amene matenda a maganizo amamubwela nthawi ndi nthawi.

Matenda amenewa sasankha. Mu June 2008, Pulezidenti Levy Mwanawasa anagwidwa ndi sitiroko ku Egypt komwe anapita ku msonkhano wa African Union, ndipo anamwalila ku Paris pa 19 August caka comweco. Kwa mtsogoleli wa dziko, malamulo anakonzelatu kuti akalephela kugwila nchito, wogwilizila mpando ndani. Dziko silinaime. Nanga kwa mai wa kapenta, cakonzedwa n'ciani? Ufumu wake ni sitandi, foni ndi kanyumba ka m'komboni, ndipo zimenezo zimatha pa mwezi umodzi ngati palibe woziyang'anila mokhulupilika.

Cimene ise monga cipani tipempha ni ici: munthu aliyense amene sangathe kufotokoza zofuna zake akhale ndi ufulu wopatsidwa womukambilako woima payekha. Tikati woima payekha titanthauza munthu amene salipilidwa ndi cipatala cimene wodwalayo ali, sali pa mzele wa odzalandila cuma cake, safuna sitandi yake, ndipo si kada wa cipani ciliconse. Nchito yake ni imodzi cabe: kuonetsetsa kuti mwiniwake wa moyo sanasiyidwe kunja pa zimene akumupangila.

Ena afunsa kuti, munthu amene sakamba ungamukambileko bwanji? Funso labwino, ndipo yankho lake lilipo cifukwa nchitoyi imacitika kale m'maiko ena.

Coyamba, womukambilako amayamba ndi kuyesa kukambilana ndi munthuyo. Kusakamba ndi kusaganiza ni zinthu ziŵili zosiyana. Anthu ambili a sitiroko amataya mau koma nzelu zilipo. Angafinye dzanja kamodzi kutanthauza inde, kaŵili iyayi. Angaloze cithunzi, angagwedeze mutu, angalembe ndi dzanja lamanzele. Munthu wosamva afunika womasulila cinenelo ca manja, basi, ndipo adzakuuzani zonse yekha. Wodwala maganizo angakhale wosokonezeka lelo, koma pakapita masiku angapo akumwa mankhwala n'kukhala bwino. Ngati nkhani si yacangu, iyembekezeni. Anthu ambili amene timati "sangakambe" ni anthu amene palibe anakhala nawo pansi moleza mtima.

Caciŵili, ngati munthuyo sangathedi kuonetsa cimene afuna, womukambilako amafufuza kuti anali munthu wotani. Amafunsa anzake a pa mzele, a ku chalichi, a ku cilimba, ana ndi aneba. Kodi anakambapo kuti akadzadwala asadzamupeleke kumudzi? Kodi ndalama anali kusungila sukulu ya mdzukulu? Kodi pa ana ake anali kudalila uti? Amamuyang'ananso mmene akhalila: akabwela uje nkhope imaŵala, akabwela uje amatembenukila ku khoma. Zimenezo nazonso ni mau.

Cacitatu, amafunsa mafunso amene ena aopa kufunsa. Kwa adokota: opaleshoni iyi ni yofunikadi, ndipo pali njila ina? Kwa a banja: ndalama zimene zinali m'foni zagula ciani, malisiti ali kuti? Kwa a komiti ya msika: sitandi ili m'dzina la ndani lelo? Akatha amalemba zimene wapeza, n'kuzipeleka kwa amene agamula. Akaona kuti pali kuba kapena nkhanza, amapita nazo kutsogolo.

Ndipo cimene sacita n'cofunikanso kucidziŵa. Womukambilako sagwila ndalama za wodwala. Sasaina m'malo mwake. Salamula adokota. Iye ni maso ndi pakamwa pa munthu amene pakali pano alibe mphamvu yodziteteza.

Ku England zimenezi zili m'lamulo. Lamulo lawo la Mental Capacity Act la 2005 linakhazikitsa anthu ochedwa Independent Mental Capacity Advocates, ndipo anayamba kugwila nchito mu 2007. Ngati munthu sangathe kusankha yekha, ndipo alibe m'bale kapena mnzake woyenela kufunsidwa, a zaumoyo amakakamizidwa kuitana womukambilako asanamupatse cithandizo cacikulu, kapena asanamusunge m'cipatala kupitilila masiku 28, kapena m'nyumba yosamalilamo anthu kupitilila masabata 8. Womukambilakoyo ali ndi ufulu woonana ndi wodwalayo paokha ndi kuona mapepala a cipatala okhudza nkhaniyo. Pakakhala nkhani ya nkhanza, angaitanidwe olo abale alipo, cifukwa nthawi zina wozunza ali m'nyumba momwemo. Sitikuti titenge zonse za ku England monga belo la salaula losatsegula. Tikuti mfundo yake ni yabwino, ndipo tingaisoke kuti itikwane.

Manje tiyeni tione kwathu kuno. Pa mapepala, Zambia siili kumbuyo. Mu 2010 dziko lathu linavomeleza pangano la United Nations la maufulu a anthu olemala. Gawo 12 la panganolo likamba kuti munthu wolemala ni munthu wathunthu pamaso pa lamulo, ayenela kuthandizidwa kuti asankhe yekha, ndipo thandizolo liyenela kulemekeza zofuna zake, lisakhale m'manja mwa munthu amene ali ndi phindu pa nkhaniyo. Mu 2012 Nyumba ya Malamulo inapanga Persons with Disabilities Act, imene ikambanso kuti wolemala ali ndi mphamvu pa lamulo mofanana ndi wina aliyense.

Mu 2017 anthu atatu amene anapitamo okha m'mavuto a matenda a maganizo, Gordon Mwewa, Mulima Kasote ndi Sylvester Katontoka, anatengela boma ku High Court pa lamulo lakale la atsamunda la Mental Disorders Act la 1949. Lamulo limenelo linali kuchula odwala ndi maina onyoza amene sitingawalembe pano. Khoti linagamula kuti mau amenewo ni atsankho ndipo asemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Mu 2019 kunabwela Mental Health Act, lamulo lakale lija n'kufafanizidwa. Onani bwino: amene anakankha kusinthaku ni odwala eni ake, anthu amene dziko linali kuti alibe mau.

Lamulo la 2019 lili ndi cinthu cimodzi cimene aliyense wa inu ayenela kucidziŵa. Lilola wodwala maganizo, pamene akali ndi nzelu zosankha, kulembelatu malangizo ndi kusankha munthu womuthandiza akadzafooka. Likambanso kuti munthu akasoŵa mphamvu yosankha, khoti lingamuikile womuthandiza. Koma apa m'pamene pali dzenje. Gawo 4 la lamulo lomweli likuti munthu amene matenda amucotsela nzelu zosankha amataya mphamvu zake pa lamulo, ndipo mabungwe oimila olemala akhala akudandaula kuti zimenezi zitsutsana ndi pangano la 2010 ndi lamulo la 2012. Ndiye funsani: pakati pa tsiku limene munthu wagwa ndi tsiku limene khoti lidzakhala, amuyang'anila ndani? Mai wa tomato amene phindu lake la tsiku limathela pa pamela ndi makala, loya amupeza kuti? Pamene mapepala afika ku khoti, foni ilibe kanthu ndipo sitandi inagulitsidwa kale.

Apa m'pamene tifunsa boma. Malamulo amenewa ali m'mabuku, ndipo amene ali pa mpando ndiwo ali ndi udindo wowapatsa miyendo. Imwe a m'misika, ndani mwa inu anaonapo munthu wa boma atabwela pa wodi kudzafunsa wodwala wosakamba ngati avomeleza kupelekedwa kumudzi? Ndani anamvapo pa wailesi, m'Cinyanja, m'Cibemba kapena m'Citonga, kuti pali njila yolembelatu zofuna zako? Nthawi ya kampeni amadziŵa njila yoloŵela mu msika uliwonse. Uthenga wa ufulu wanu ndiye usoŵa njila?

Ganizilaninso za a ku Chainama. Cipatala cija pa Great East Road cinatsegulidwa mu 1962, ndipo ndico cipatala cacikulu ca matenda a maganizo m'dziko lonse. Manesi ndi madokota a kumeneko agwila nchito yolemetsa, ndipo ise sitiwaloza cala. Koma m'bale akasiyidwa kumeneko ndi acibale amene sabwelanso, ndani wa kunja amabwela kudzafunsa kuti, kodi uyu afunikabe kukhala muno? Palinso anthu amene khoti linapeza kuti sangayankhe mlandu cifukwa ca matenda a maganizo, ndipo amasungidwa mpaka Pulezidenti atalamula. Munthu wotele alibe tsiku lotulukila lolembedwa ngati mkaidi wamba. Ngati pali munthu amene afunika womukambilako wosaopa, ni ameneyo.

Tidziŵa zimene ena adzakamba. Ati, "Ise ni anthu akuda, tili ndi mabanja, izi ni za azungu." Zoona, banja ndiye mzati wathu. Amene amagona pansi pa simenti pambali pa bedi, kucapa zovala ndi kubweletsa phala, ni amai, alongo ndi ana aakazi. Ambili amacita zimenezi ndi cikondi ceniceni, mpaka kutseka bizinesi zawo. Womukambilako sabwela kudzawacotsa. Kwa banja labwino iye ni thandizo, cifukwa amathandiza kufunsa adokota ndi kuletsa mikangano. Koma tisanamizane. Ni dziko lino limene linafunika kupanga Intestate Succession Act mu 1989 cifukwa acibale anali kulanda akazi amasiye mpaka mapoto. Lamulo lija linagaŵa cuma ca womwalila wosasiya wilo: 50 pelesenti kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo, 10 kwa ena amene anali kudalila womwalilayo. Ngati tinavomeleza kuti akufa afunika lamulo loteteza cuma cawo kwa abale, nanga amoyo amene sakamba?

Ndipo mvetsani ici, cifukwa ambili amanamizidwa napo. Munthu wamoyo alibe administrator. Lamulo la 1989 limayamba kugwila nchito munthu akamwalila. Malinga ngati akupuma, sitandi ni yake, nyumba ni yake, ndalama za m'foni ni zake. Wina akabwela ati "ine ndine mkulu m'banja, ndigaŵa katundu," mufunseni pepala la khoti.

Ena ati, "Boma lilibe ndalama, olo mankhwala m'zipatala avuta." Mu 2022 ndalama za CDF zinakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsticuwense iliyonse, ndipo boma limadzitama nazo tsiku lililonse. Cabwino. Pa ndalama zonsezo, kuphunzitsa ndi kulipila anthu aŵili kapena atatu pa konsticuwense kungagwetse bajeti? Ndalama zilipo. Cimene cisoŵa ni mtima, cifukwa munthu wosakamba saimba nyimbo pa rally ndipo sangadandaule pa wailesi.

Pali nkhani inanso ya Social Cash Transfer. Nyumba imene ili ndi munthu wolemala kwambili imalandila ndalama zoculukilapo kuposa nyumba zina. Ni cinthu cabwino, ndipo ise sitidzacicotsa. Koma ngati mwiniwake sakamba ndipo ndalama imatengedwa ndi wina m'malo mwake, ndani amapita kukaona ngati yagula sopo, matewela ndi cakudya cake, kapena yathela ku bala? Kupeleka ndalama popanda woyang'anila mwiniwake kuli monga kuthila madzi m'cidebe cobooka.

Conco ise tikuti boma licite izi. Libweletse ku Nyumba ya Malamulo kusintha kwa lamulo kuti munthu aliyense wosatha kufotokoza zofuna zake, kaya ni cifukwa ca sitiroko, ukalamba, ngozi, cilema kapena matenda a maganizo, akhale ndi ufulu wa womukambilako. Cipatala cikakamizidwe kumuitana pasanacitike opaleshoni yaikulu yosakhala yacangu, pasanacitike kusamutsa munthu, ndiponso pakamveka nkhani ya nkhanza kapena kulanda katundu. Gawo 4 la lamulo la 2019 liunikidwenso pamodzi ndi mabungwe a olemala ndi a odwala maganizo eni ake. Anthu okambilako anzawo aphunzitsidwe, akhale ndi ziphaso, ndipo aziyankha ku bungwe loima palokha monga Human Rights Commission, kuti asamaope kutsutsa cipatala kapena ofesi ya boma. Makhonsolo, amene amayang'anila misika pansi pa Markets and Bus Stations Act ya 2007, aike lamulo lomveka lakuti sitandi ya munthu amene ali m'cipatala siisinthidwa dzina popanda kufufuza.

Tionjezepo cimodzi cimene cikhudza ife eni ake. Nchito iyi isadzapatsidwe kwa makada. Olo a cipani cathu. Mwavutika mokwana ndi anthu amene amaloŵa mu msika ndi mabeleti n'kuyamba kugaŵa malo. Tsiku limene womukambilako adzasankhidwa cifukwa ca khadi la cipani, ndiye kuti tapeleka mbuzi kwa fisi kuti aiŵete. Mutigwile pa mau amenewa.

Pamene tiyembekeza boma, pali zimene mungayambe mawa lomwe. Khalani pansi ndi ana anu mukali ndi mphamvu, muwauze zimene mufuna: ndani agwile sitandi, ndani agwile foni, mufuna kudwalila kuti. Zilembeni pa pepala, musaine, pakhale mboni ziŵili zimene si za m'nyumba mwanu. Kukamba zimenezi si kuitana imfa. Mumalemba nkhongole za makasitomala m'kabuku, nanga zofuna zanu n'zocepa kuposa nkhongole ya K20?

M'magulu a cilimba, gwilizanani lelo kuti membala akadwala mpaka kulephela kukamba, ndalama yake siipelekedwa kwa aliyense wobwela ndi misozi. Ipelekedwe kwa amene iye anachula, pamaso pa mamembala aŵili, ndipo zilembedwe. A komiti ya msika, sankhani anthu aŵili okhulupilika, mai ndi bambo, oti azikaona wodwala, kukamba naye mwacindunji ndi kubwela kudzafotokoza. Mukapita kukamuona, musakambe za iye monga kuti wacoka. Mupatseni moni, muchuleni dzina, mufunseni funso limodzi panthawi, ndipo yembekezani yankho.

Mukaona kuti wina akudyeledwa, musati ni za m'banja. Pa polisi pali Victim Support Unit. Pali Legal Aid Board ya amene sangakwanitse loya. Pali ofesi ya Social Welfare pa boma lililonse, pali Zambia Agency for Persons with Disabilities, pali Human Rights Commission. Pitani aŵiliaŵili, lembani tsiku ndi dzina la amene mwakamba naye, ndipo bwelelaninso mpaka akuyankheni. Maofesi amenewa amayenda ndi misonkho yanu.

Ndipo ofuna mavoti akabwela ndi vitenge, kuphatikizapo athu, afunseni funso ili pamaso pa anthu: "Ine nikagwa pano lelo, pakamwa n'kutseka, lamulo lanu lizanitumila ndani?" Amene ayamba kuyang'ana pa wochi, mwamudziŵa.

Pa msika timadziŵa kale kusungilana. Mnzako akapita kukadya, umamugulitsilako tomato ndipo ndalama yake umaiika payokha, suisakaniza ndi yako. Cimene tipempha ni cimeneco cabe, koma cilembedwe m'lamulo ndipo cifike pa bedi la cipatala. Kambilanani nkhaniyi pa mzele wanu, ndipo amene ali ndi foni aŵelengeleko amene alibe.